Mmene Kalulu Anafikira Pokalamba M'manja mwa Anthu

Kufupi ndi tauni ya Thetford ku England kuli nyumba yamiyala yamakoma ochindikala, yomangidwa cha m'ma 1400. Munkagona mlonda wa akalulu. Pa nthawiyo kalulu anali chuma cha amonke ndi eni malo, ndipo akuba ankabwera usiku ali ndi zida. Nyama yake inali ya paphwando, ubweya wake wa pazovala za olemera. Mlondayo ankadziwa kutchera maukonde ndi kusenda chikopa, koma kalulu wokalamba sankamudziwa, chifukwa panalibe amene ankamulekerera kuti afike pamenepo.

Kalulu woweta anachokera ku Spain ndi Portugal. Aroma ankamusunga m'mipanda, ndipo ku England anayamba kuwetedwa kwambiri m'zaka za m'ma 1100. Zaka mazana ambiri zinadutsa iye ali ndiwo basi. Kutchire nako, ambiri amafa chaka chisanathe.

N'chifukwa chake nkhani ya William Cowper imakhudza mtima. Mlakatuliyu, amene ankadwala matenda a maganizo, analandira mwana wa kalulu wam'tchire, wa mtundu wa miyendo italiitali, mu 1774 ku Olney. Posakhalitsa anakhala ndi atatu: Puss, Tiney ndi Bess. Puss atadwala, Cowper anamupatula kwa anzake kuti asamuvutitse, namusamalira masiku atatu akumuyesa zitsamba zosiyanasiyana mpaka anachira. Bess anafa msanga, Tiney anafika zaka 9, ndipo Puss anafa mu 1786 atatsala mwezi umodzi kuti akwanitse zaka 12. Cowper analemba za iwo m'magazini ya Gentleman's Magazine mu 1784, ndipo anaona kuti Puss, pokula, anachepetsa kudumphadumpha n'kukhala wodekha. Anthu oti n'kulemba zotere za kanyama ka mu mphika anali ochepa kwambiri masiku amenewo.

Wolemba mabuku Beatrix Potter naye anali ndi kalulu wake, Peter Piper, amene anafa mu 1901 ali ndi zaka pafupifupi 9. Buku lake lotchuka la Peter Rabbit linatuluka kwa osindikiza a Frederick Warne chaka chotsatira.

Komabe awa anali anthu owerengeka. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mabanja a ku Britain ankaweta akalulu kuseri kwa nyumba kuti apeze nyama, ndipo nkhondo itatha khola lawo laling'ono lathabwa linasanduka nyumba ya kalulu wa ana. Mmenemo ankakhala yekhayekha. Akayamba kuonda kapena kukoka miyendo, ambiri ankangoti nthawi yake yakwana.

Zinthu zinatembenuka kalulu atalowa m'nyumba. Mu 1985 Marinell Harriman wa ku California anatulutsa buku la House Rabbit Handbook, ndipo mu 1988 bungwe la House Rabbit Society linakhazikitsidwa. Munthu amene akukhala ndi kalulu pabalaza amaona zimene wa khola lakutali sangaone: kuti lero wasiya udzu wake, kuti wagunda mwendo wa mpando, kuti sakutembenuka chitseko chikalira. Mafunso a anthu oterewa anakakamiza madokotala a ziweto kuphunzira nyama imene kale ankaidziwa makamaka ngati ya pafamu ndi ya mu labotale. Anayamba kuchotsa chiberekero cha akalulu aakazi, poti khansa ya chiberekero imagwira ambiri akamakula. Anatsindikanso kuti mano a kalulu amakula moyo wake wonse, ndipo udzu wouma ndi umene umawaperesa. Lero kalulu wosamalidwa bwino amakhala zaka 8 mpaka 12.

Zaka zowonjezerazo zinadza ndi matenda ake. Ng'ala imaphimba maso, makutu amagontha, nyamakazi imaumitsa msana ndi miyendo yakumbuyo. Kalulu amabisa ululu, monga zimachitira nyama zosakidwa, choncho mwini wake ayenera kukhala tcheru. Amene msana wauma amalephera kudziyeretsa kumbuyo, ndipo nyengo yotentha ntchentche zimaikira mazira pa ubweya wonyowawo, mphutsi n'kumudya wamoyo. Oweta anaphunzira kumuyang'ana kumbuyoko tsiku ndi tsiku, kumuyalira zofewa pansi poterera, kudula m'mphepete mwa bokosi lake lodzithandizira kuti alowe osadumpha, ndi kumupatsa mankhwala opha ululu monga meloxicam dokotala akalemba. Wakhungu samusunthira mbale kapena katundu, chifukwa njira zake amazisunga pamtima ndipo amadalira fungo ndi ndevu zake. Wogontha samudzidzimutsa, amayamba amuonetsa dzanja asanamugwire.

Chisamaliro chotere sichinafike paliponse. Lamulo la Animal Welfare Act la 2006 linaika pa eni ziweto ku England ndi Wales udindo wopereka malo oyenera, chakudya choyenera ndi chithandizo pa matenda, koma bungwe la Rabbit Welfare Association and Fund likulimbanabe ndi makola aang'ono amene akugulitsidwa m'masitolo, momwe kalulu wa nyamakazi sangathe ngakhale kudziwongola.