Mayi Fiona Kalemba ndi udindo wa Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo

Aphungu akamakangana m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, patsogolo pa mpando wa Sipikala pamakhala tebulo la anthu amene salankhula nawo. Mkulu wawo ndiye Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo, udindo womwe unakhazikitsidwa ndi gawo 55 la malamulo aakulu a dziko lino.

Kalaliki si phungu ndipo savota. Iye ndiye amalangiza Sipikala pa malamulo oyendetsera zokambirana, amasunga kaundula wa zonse zomwe Nyumbayi yagwirizana, komanso ndi mkulu wa ogwira ntchito onse. Chuma cha Nyumbayi chilinso m'manja mwake. Makomiti a aphungu akapita kukachitira misonkhano m'mahotela a m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay ku Salima, monga amachitira kawirikawiri, woyankha za ndalama zomwe zawonongedwa kumeneko ndi iyeyu.

Mayi Fiona Kalemba, katswiri wa zamalamulo yemwe ankagwira ntchito ku Unduna wa Zachilungamo, anasankhidwa pa udindowu mu 2015, Sipikala ali a Richard Msowoya. Sanalowe mwa bata. Lamulo limati Mtsogoleri wa dziko amasankha Kalaliki potsatira uphungu wa bungwe la Parliamentary Service Commission, lomwe wapampando wake ndi Sipikala. Bungweli linaika patsogolo dzina la a Charles Mkandawire, woweruza milandu, koma Pulezidenti Peter Mutharika anasankha Mayi Kalemba. Ambiri anadandaula kuti nthambi yolamula ikulowerera nkhani za nthambi yopanga malamulo, ndipo dandauloli linali ndi mutu: munthu wolangiza Sipikala amayenera kukhulupiriridwa ndi mbali zonse ziwiri za Nyumbayi.

Mpandowu unali utatentha kale. Mayi Matilda Katopola, mayi woyamba kukhala Kalaliki, anasankhidwa mu 2005 ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, ndipo anali pa udindo pamene aphungu analowa m'nyumba yatsopano yomangidwa ndi dziko la China mu 2010. Anachotsedwa mu 2012, Mayi Joyce Banda atangotenga utsogoleri.

Mayi Kalemba boma litasintha mu 2020 anakhalabe pa udindo. Kuyambira 2019 anagwira ntchito ndi Mayi Catherine Gotani Hara, Sipikala woyamba wamayi m'Malawi, kotero kuti maudindo awiri aakulu a Nyumbayi anali m'manja mwa amayi.