Jakisoni wa m'bondo ndi kayendedwe ka ana odwala nyamakazi

Anthu ambiri amati nyamakazi ndi matenda a nkhalamba, koma imagwiranso ana. Madokotala amaitcha juvenile idiopathic arthritis pamene malo olumikizana mafupa atupa kwa masabata osachepera 6 mwa mwana wosafika zaka 16, popanda chifukwa china chodziwika. Dokotala wa ana wa ku London, George Frederic Still, analemba mwatsatanetsatane za matendawa m'chaka cha 1897.

Kawirikawiri amagwira bondo kapena kakolo. Mwana amadzuka m'mawa mwendo uli wouma, amatsimphina, koma dzuwa likakwera amayambanso kusewera, ndipo makolo amangoti anagwa dzulo. Poopa ululu, mwanayo amayenda bondo lili lopinda. Miyezi ikamapita, minofu ya ntchafu imafota ndipo bondo limakanika kuwongoka. Chinanso n'chakuti kutupako kumachulukitsa magazi opita kumapeto kwa fupa, komwe fupa limakulira, motero mwendo wodwalawo ukhoza kutalika kuposa unzake.

Apa m'pamene jakisoni wa steroid amathandiza. Njira yobaya mankhwalawa mwachindunji m'malo olumikizana mafupa inatchuka kudzera mwa Joseph Hollander wa ku Philadelphia cha m'ma 1951. Masiku ano akatswiri amakonda triamcinolone hexacetonide chifukwa amasungunuka pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yake imakhala miyezi ingapo, nthawi zina kupitirira chaka. Pa bondo, mlingo wake umakhala pafupifupi miligalamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi la mwana. Dokotala amayamba wapopa madzi ochuluka m'bondomo, kenaka n'kubaya mankhwala. Ana aang'ono amawagonetsa tulo kaye.

Kutupa kumaphwa m'masiku ochepa. Ofufuza a ku Karolinska, m'dziko la Sweden, anajambula kayendedwe ka ana asanabayidwe komanso atabayidwa, ndipo anapeza kuti ululu unachepa, anawo n'kumayenda mofulumirako. Palinso umboni woti kubaya msanga kumachepetsa vuto la kusiyana kutalika kwa miyendo.

Komabe jakisoni amathetsa kutupa kokha. Sabwezeretsa minofu yofota, ndipo mwana amene wazolowera kutsimphina kwa chaka akhoza kupitiriza ngakhale ululu utatha. N'chifukwa chake akapumitsa mwendo kwa tsiku limodzi kapena awiri, amafunika mafizo owongola bondo ndi kulimbitsa ntchafu. Ngati malo otupa ali ambiri, madokotala amawonjezera mankhwala ofika thupi lonse monga methotrexate.

Zovuta zake sizichitika kawirikawiri. Khungu la pamalo obayidwa likhoza kulowa m'kati kapena kuyera, zomwe zimaoneka kwambiri pa khungu lakuda. Choopsa chenicheni n'kubaya bondo lomwe latupa chifukwa cha tizilombo, popeza steroid amafooketsa chitetezo cha pamalopo. M'maiko momwe chifuwa chachikulu n'chofala, kuphatikizapo Malawi, TB ya m'mafupa imatha kuoneka ngati nyamakazi, choncho dokotala amayenera kutsimikiza kaye kuti si imeneyo.

Jakisoni wa m'bondo satetezanso maso. Ana ena a nyamakazi amatupa m'kati mwa diso popanda ululu kapena kufiira kulikonse, ndipo izi zikhoza kuwachititsa khungu. Mwana amene wayambanso kuthamanga amafunikabe kupimidwa maso pafupipafupi.