Mmene Tidabwererera ku Guwa

Lero tikumbukire pamodzi masiku aja amene khomo la tchalitchi lidachepa.

Pa 20 Marichi 2020, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19, naletsa misonkhano ya anthu opitirira 100. Nthawi imeneyo nkuti nthendayo isanapezeke m'Malawi. Odwala oyamba adadziwika pa 2 Epulo. Pa 27 Marichi, Papa Francis adapemphera yekha pa bwalo la Petulo Woyera ku Roma, nalalikira za namondwe amene adaopsa ophunzira a Ambuye m'ngalawa. Ife ana a kunyanja, odziwa ukali wa mwera, sitidafune wotitanthauzira.

Mu Ogasiti chaka chomwecho boma lidatsitsa chiwerengero chija kufika pa anthu khumi. Maepiskopi athu pamodzi ndi atsogoleri a mipingo ina adadandaula, ndipo chidabwezedwa pa 100. Mu Januwale 2021, mliri utabweranso mwaukali ndi kutenga nduna ziwiri za boma tsiku limodzi, chidatsikanso kufika pa 50. Ambiri tidatsala kunyumba, tikumvera Misa pa Radio Maria, wailesi imene likulu lake lili konkuno ku Mangochi. Idatitonthoza ndithu, koma wailesi siigawa Ukaristia.

Nanga chidatisunga nchiyani? Apa tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. M'chaka cha 1973, chaka chomwe Mangochi idasanduka dayosizi pansi pa Ambuye Alessandro Assolari, Maepiskopi a maiko a kum'mawa kwa Afrika adayamba kulimbikitsa kuti Eklezia akhazikike pa timagulu tating'ono ta Akhristu oyandikana nyumba. Ku Lilongwe, Ambuye Patrick Kalilombe ndiwo adagwira ntchitoyi ndi mtima wonse. Ndiyo miphakati yathuyi. Adalipo ena amene adaiona ngati katundu wongowonjezera pa mutu. Komatu kuno ku Makanjira, kumene Akhristu ndife ochepa pakati pa abale athu Asilamu, ndipo wansembe ankachita kulimbana ndi msewu wa matope kuti atipeze, tidazolowera kale kupemphera Lamulungu motsogozedwa ndi akatekisiti. Lamulo litati tichepe, tidapeza kuti makolo athu adatiphunzitsa kale kupemphera tili ochepa. Mphakati ndiwo udadziwa nkhalamba imene idatsala yokha m'nyumba, ndiwonso udadziwa khomo limene kudagwa maliro.

Kubwerera kwathu kudali kwa pang'onopang'ono. Pakhomo pa tchalitchi padaikidwa ndowa ya mpopi ndi sopo, pomwe kale tinkaviika chala m'madzi odalitsa. Anansi athu Achisilamu, amene sayamba swala asanasambe m'manja, ayenera kuti adamwetulira poona ife tikuphunzira zimenezi mochedwa chotere. Amayi adasoka zophimba pakamwa ndi mphuno ndi zidutswa za chitenje. Pa benchi tinkakhala motalikirana, moni wa mtendere tinkapatsana ndi maso okha, ndipo Thupi la Ambuye tinkalandirira m'manja.

Chidatiwawa koposa chidali kuwerenga anthu pakhomo. Taganizani za mkulu wa mpingo amene wakhala zaka zambiri akuitana ofooka kuti abwerere, lero iye yemweyo akuuza mayi amene wayenda mtunda wautali ndi mwana kumsana kuti malo atha. Ena adamvera Misa ataima panja, m'mphepete mwa mazenera. Ena adabwerera kwao okhumudwa, ndipo tivomere poyera kuti alipo amene sitidawaonenso pa benchi.

Katemera woyamba adafika m'dziko muno pa 5 Marichi 2021, ndipo malamulo adayamba kufewa m'kupita kwa miyezi. Ndowa zija zidakankhidwira kuseri kwa sakristiya. Sizidakhalitseko: m'chaka cha 2022 kolera idabuka, Mangochi nkukhala limodzi mwa maboma amene adavutika kwambiri, ndipo tidazitulutsanso, kuzitsuka ndi kuziimika pakhomo pomwe paja.