Sikelo ya utsi: kuchokera ku Mauna Loa kufika ku Kapata

Mu 1958 wasayansi wa ku America, Charles David Keeling, anaika makina pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii kuti aziyeza mpweya wa kaboni mumlengalenga. Anapeza kuti pa timagawo 1 miliyoni ta mpweya, pafupifupi 315 tinali ta kaboni. Ntchitoyo ikupitirira mpaka lero, ndipo nambala ija yadutsa 420. Mpweya umenewu umatuluka tikatentha mafuta, malasha ndi nkhuni. Ukachuluka umafunditsa dziko ngati bulangeti, kutentha kumakwera, nayo mvula imasokonekera.

Nambala ya Keeling inaonetsa kuti vuto lilipo, koma sinanene kuti utsiwo ukuchokera pakhomo pa ndani. Funso limenelo linadza pambuyo, ndipo mayunivesite anali m'gulu la oyamba kudzifunsa. Mu 1990 atsogoleri a mayunivesite anakumana ku Talloires, m'dziko la France, nasaina pangano lakuti masukulu awo azisamala chilengedwe. Mu 2001 panatuluka njira yowerengera yotchedwa Greenhouse Gas Protocol, imene ambiri amatsata mpaka pano. Njirayi imagawa utsi patatu. Woyamba ndi umene mumautulutsa nokha, monga wa jenereta, wa basi ya sukulu ndi wa kukhitchini. Wachiwiri ndi umene unatuluka popanga magetsi amene mwagula. Wachitatu ndi wa zina zonse zimene sukulu imadalira: maulendo a ophunzira, chakudya, mapepala ndi zinyalala. Zonse zikaphatikizidwa m'matani pa chaka, ndiye chimene Achingerezi amachitcha carbon footprint.

Kuno kumwera kwa Africa, University of Cape Town inadziyeza pa chaka cha 2007. Inapeza matani pafupifupi 83,000, ndipo magawo 8 mwa 10 anachokera ku magetsi ndi mphamvu zina zoyendetsera sukuluyo. Chifukwa chake n'chosabisika: magetsi ambiri a ku South Africa amapangidwa potentha malasha okumba pansi. Choncho kwa iwo kuzima getsi m'chipinda chopanda munthu kunali kale kuchepetsa utsi.

Tikabwera nayo sikelo yomweyo kuno ku Chipata, iloza kwina. Magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, ndipo sautsa utsi wochuluka. Wathu utsi uli pa mbaula. Tinaziona bwino mu 2015, mu 2019, ndiponso mu 2024, pamene chilala chinaphwetsa Kariba mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Malaiti akapita, maofesi amaliza majenereta, ndipo lita imodzi ya dizilo imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7 a mpweya wa kaboni. Wophunzira wa m'nyumba ya lendi amene anali kuphikira pa chitofu amathamangira thumba la malasha pa msika wa Kapata. Thumba limenelo ladya nkhuni zolemera kasanu kapena kuposa, popeza uvuni wa dothi umataya zambiri mu utsi. Chilala chimazimitsa magetsi, kuzima kwa magetsi kumagwetsa mitengo, ndipo mapiri otizungulira akumka nayera tikuona.

Chimene ambiri a ife m'tauni sitidziwa n'chakuti luso loyeza kaboni linafika kale m'chigawo chathu, koma linalowera kumudzi. Pa Msekera, pafupi ndi tauni yathu, akatswiri a boma pamodzi ndi bungwe la ICRAF anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuyesa mitengo yobwezera chonde m'nthaka, monga jelejele ndi gliricidia. Cholinga chawo chinali chimanga, poti feteleza anali atakwera mtengo. Koma mtengo ukamakula umameza mpweya wa kaboni, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni youma ndi kaboni. Munda wa mitengo yachonde unapezeka kuti ndi nkhokwe ya zinthu ziwiri.

Mu 2003 kunabadwa bungwe la COMACO, limene timalidziwa ndi chiponde ndi mpunga wa It's Wild! Linayamba ndi kuthandiza opha nyama ku chigwa cha Luangwa kusiya mfuti ndi misampha kuti alime. Pambuyo pake linagwirizana ndi mafumu kupatula nkhalango zosadulidwa ndi kubzala gliricidia m'minda, ndipo kaboni wosungidwayo anayamba kuyezedwa ndi kugulitsidwa, ndalama zina n'kubwerera kumidzi. Mu 2017 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza pulojekiti ya Zambia Integrated Forest Landscape Project, ya chigawo cha Kum'mawa chokha. Mu 2024 boma linasaina ndi banki yomweyo pangano lakuti chigawo chathu chingalandire mpaka madola 30 miliyoni ngati chichepetsadi utsi. Mawu akuti "ngati" ndiwo mutu wa nkhani. Ndalama imatsata nambala yotsimikizika, ndipo nambalayo imachokera kwa anthu olowa m'thengo ndi tepi, kuyeza kunenepa kwa mitengo, ndi kufananiza ndi zithunzi za setilaiti.

Malonda a kaboni ali ndi mikangano yake. Anthu amafunsa kuti ndani amayeza, ndani amasunga mabuku, ndipo mlimi amene wasiya kudula amatsala ndi zingati. Mafunso amenewa sangayankhidwe ndi munthu wosadziwa masamu ake. Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife achinyamata a ku Kapata, ku Mchini ndi ku Nabvutika. Tikapanda kuphunzira kuyeza, ena adzatiyezera, ndipo tidzangolandira zimene atiuza.

Malo ophunzirira tili nawo pafupi. Chipata College of Education, Chipata Trades Training Institute ndi DMI-St. Eugene University ndi masukulu okhala ndi makhitchini, magalimoto ndi mabilu a ZESCO. Kuyamba sikufuna makina a Keeling. Kufuna buku limodzi ndi gulu la ophunzira lolemba mwezi ndi mwezi: malita a dizilo, mayunitsi a magetsi, mitolo ya nkhuni, matumba a malasha, ndi momwe anthu amafikira pasukulu. Chaka chikatha, nambala yaikulu imadzionetsa yokha, ndipo ndi pomwepo poyambira kudula. Ikakhala ya nkhuni, mankhwala ake ndi chitofu chosadya nkhuni zambiri ndi munda wa mitengo wa sukulu. Ikakhala ya jenereta, ndi sola padenga, poti dzuwa ndiye sitiligula.

Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Cape Town inayeza magetsi chifukwa utsi wake unali pamenepo. Wathu uli m'thumba la malasha lomangidwa panjinga, lotsika m'mamawa kulowa m'tauni. Mlimi wa ku Luangwa anayamba kale kuwerenga mitengo imene wasunga. Kwatsala ife a m'tauni kuwerenga imene tikutentha.