Za Angoni ndi Achewa, ndi M'mene Adani Anakhalira Abale

Pa masiku ano a chikondwerero, pamene tikumbukira chiyambi cha malo athu a Nkhoma, kutiyenera kukumbukiranso anthu amene anayamba kusonkhana pano. Pakuti makolo athu sanali a mtundu umodzi: ena anali ogwira nthungo, ndi ena anali othawa nthungozo.

Angoni anachokera kutali kum'mwera, pothawa nkhondo za masiku a Shaka, mfumu ya Azulu. Khamu la Zwangendaba linaoloka Zambezi m'mwezi wa November chaka cha 1835, tsiku limene dzuwa linada usana. Khamu lina, la a Maseko, linaoloka palokha, nilipitirira kufikira ku Songea, tsidya lija la nyanja. Ndipo litabwerako linakhazikika ku Domwe, nilifalikira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Anthu a Chiwere anamanga ku Dowa, ndi a Mpezeni kufupi ndi Chipata.

Kwa Achewa masiku amenewo anali owawa ndithu. Midzi inatenthedwa, nkhokwe zinafunkhidwa, ana anatengedwa. Ena anamanga malinga, ena anakwera kumapiri. Ndipo Mfumu Mazengera ndi anthu ake anakhala pamwamba pa phiri lino la Nkhoma chifukwa cha mantha. Zimenezi sitizibisa, pakuti chilonda chobisika sichipola.

Koma taonani chimene chinatsatira. Mwambo wa Angoni unali kulowetsa ogwidwa m'midzi yao. Anyamata analowa m'magulu a nkhondo, ndipo wolimba mtima anakhoza kukwezedwa nakhala nduna, atsikana anakwatiwa. Panjira anatenga Akaranga ndi Ansenga, ndi kuno anatenga Achewa, kotero kuti obadwira kum'mwera anatsala owerengeka. Tsono mwana wa Mngoni poyamwa bere la amake, anayamwanso chinenero cha amake. Pofika adzukulu, Angoni a kuno analankhula Chichewa, monganso a M'mbelwa analankhula Chitumbuka, ndi a Mpezeni Chinsenga. Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'matamando a mafumu. Ogonjetsa ndi nthungo anagonja ndi lilime la akazi ao.

Komanso Angoni sanasungunuke monga mchere m'madzi. Anasunga mafumu ao, mifunda yao, ndi mwambo wa malowolo, pamene Achewa anasunga chikamwini ndi ufumu wa kuchikazi. Ndipo mau akuti nduna, amene tiwatchula tonse lero, anadza nao ndi iwowa.

Nkhondo inaleka pang'onopang'ono. Chaka cha 1889 Mfumu Chiwere analola Abusa A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok kumanga ku Mvera. Chaka cha 1896 Mazengera analandira atumiki pano pa Nkhoma. Chaka chomwecho asilikali a Angerezi anapha Gomani woyamba, ndipo m'chaka cha 1898 anagonjetsa Mpezeni. Potero sitinena kuti mtendere unadza ndi ulaliki wokha. Unadzanso ndi mfuti, ndi misozi ya Angoni. Koma mfuti ingoletsa dzanja, siyanjanitsa mitima. M'sukulu za kumidzi mwana wa wofunkha ndi mwana wa wofunkhidwa anakhala pamphasa imodzi. Ndipo Buku Lopatulika litasindikizidwa m'chaka cha 1922, onse analiwerenga m'chinenero chimodzi.

Nanga ife titani nayo mbiri iyi? Miyambi ya makolo itiuza kuti Achewa omwe anali alendo, pakuti anthu a Kalonga anachokera ku Uluwa napeza Akafula m'dziko muno. Pambuyo pao anadza Ayao ndi Angoni, kenaka Alomwe. Anadza othawa nkhondo ya ku Mozambique. Ndipo kuyambira 1994 msasa wa Dzaleka ku Dowa unalandira ochokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo. Mwini dziko wa lero ndiye mlendo wa dzulo.

Chifukwa chake, inu aphunzitsi ndi akulu a mpingo, pakusankha atsogoleri, pakuweruza milandu ya maukwati, kapena pakulandira wachilendo m'kalasi, musayambe ndi kufunsa mtundu wake. Makolo athu anali nazo zifukwa zenizeni za kudana, koma anakwatirana nadyera m'mbale imodzi. Tikagawana ife, amene sitinaone nthungo, tidzawayankha chiyani?