Masiku 21 a Chikangawa ndi Mlendo Pamaliro

Pa 10 June 2024 ndege inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, pafupi ndi Mzimba, ndi kupha Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima pamodzi ndi anthu ena 8. Boma linalengeza masiku 21 okhuza maliro, mbendera zinatsitsidwa pakati. Ife Asilamu timalira masiku 3, kupatula mkazi wamasiye, koma tinakhuza nawo mpaka kumapeto, pakuti chisoni chinali cha fuko lonse. Izi tiwauze alendo akunja odzipereka kudzathandiza m'sukulu ndi m'zipatala za ku Mzimba ndi Embangweni. Mitima inali yowawa, mafunso anali ambiri. Nthawi yotere mlendo asunge kamera, asakambe zandale, avale modzilemekeza, akhale pansi ndi kupepesa, kenako atsate zimene eni mudzi akuchita.