Kupopa mafuta m'sitima yomira ya HMS Royal Oak

HMS Royal Oak inali sitima yankhondo ya Britain yomwe inamira m'doko la Scapa Flow, kuzilumba za Orkney ku Scotland, usiku wa pa 14 Okutobala 1939. Sitima yoyenda pansi pa madzi ya Germany, U-47, motsogozedwa ndi Günther Prien, inalowa m'dokomo mozemba n'kuiphulitsa. Mwa anthu oposa 1,200 omwe anali m'sitimamo, oposa 830 anafa, ndipo ena oposa 100 mwa iwo anali anyamata osakwana zaka 18.

Sitimayo inagona chafufumimba pamadzi akuya mamita pafupifupi 30, ndipo inamira ndi mafuta okwana matani pafupifupi 3,000. Kwa zaka zambiri mafutawo ankangodontha pang'onopang'ono, anthu n'kumaona utawaleza wake pamwamba pa madzi. Pofika m'ma 1990 dzimbiri linali litadya zitsulo, kudonthako kunakula, ndipo anthu a ku Orkney anayamba kudera nkhawa mbalame, akatumbu ndi malo owetera nsomba za salmon.

Chovuta chinali chakuti sitimayi ndi manda. Mitembo ya asilikali ili momwemo, ndipo lamulo la Britain la 1986 loteteza zotsalira za asilikali silola munthu kufikapo popanda chilolezo. Kuivuula kapena kuidula pakati kunali kosatheka. Unduna wa zachitetezo unayamba wayesa kumata ming'alu ndi kuika chivundikiro chachitsulo chokola mafuta okwera, koma zimenezi sizinapirire nyanja ya kumeneko.

Mu 2001 ntchito inayamba ndi njira yotchedwa hot tapping. Akatswiri osambira pansi pa madzi amapala ndere ndi dzimbiri pakhoma la thanki, n'kumangirirapo valavu yolimba. Kenako amaboola chitsulocho kudzera m'kati mwa valavuyo, kotero kuti bowo likatseguka mafuta sathawira m'nyanja. Akatero amalumikiza paipi n'kupopera mafutawo m'chombo chodikira pamwamba. Kugadabuka kwa sitimayi kunathandiza ndithu, chifukwa mathanki a kunsi kwake ndiwo anali pafupi ndi pamwamba pa madzi, ndipo mafuta, pokhala opepuka kuposa madzi, amadzisonkhanitsa okha pamene pabooledwapo.

Komabe ntchitoyi ndi yapang'onopang'ono. Mafuta a sitima zakale ndi olemera, ndipo m'madzi ozizira amalimba ngati phala logona, moti savomera kuyenda m'paipi msanga. Mathanki a m'kati kwambiri anavuta kuwafikira popanda kusokoneza malo amene muli mitembo. Kampani ya Briggs Marine, yomwe inagwira ntchito yaikulu, inkabwera m'miyezi yotentha, ndipo pofika 2010 mafuta okwana matani pafupifupi 1,600 anali atachotsedwa.

Mafuta ena akadali m'zipinda zosafikirika. Mavalavu anawasiya pakhoma la sitimayo kuti mafuta akasonkhananso m'mathanki obooledwawo, akatswiri azibwera kudzapopa.